Achinyamata Asanamizidwe: Kulemba Mawu a Madokotala Si Kungotayipa

Zotsatsa zimene zafala pa intaneti zikulonjeza achinyamata kuti aliyense wodziwa kutayipa ndi kumva Chingerezi angathe kumapha makwacha ali khale panyumba pogwira ntchito ya medical transcription, yomwe ndi kumvetsera mawu amene dokotala wajambula atamaliza kuona wodwala ndi kuwasandutsa lipoti losungidwa m'fayilo ya wodwalayo. Lonjezo limeneli ndi losocheretsa, chifukwa likufotokoza ntchitoyi monga inalili zaka makumi atatu zapitazo, ndipo amene akutolera ndalama za maphunziro achidule pogwiritsa ntchito lonjezoli akudyera masuku pamutu anthu osowa ntchito.

Ntchitoyi inakula kwambiri ku United States, kumene madokotala ankajambula mawu awo ndi kuwatumiza kwa olemba omwe ankalipidwa potengera mizere, mzere umodzi ukuwerengedwa ngati zilembo 65. M'zaka za m'ma 1990 gawo lalikulu la ntchitoyi linayamba kupita ku India ndi ku Philippines, kumene malipiro anali otsika ndipo kusiyana kwa nthawi kunkachititsa kuti mawu ojambulidwa madzulo akhale atalembedwa pofika m'mawa. Zinthu zinatembenuka pamene lamulo la ku America la HITECH la 2009 linapereka ndalama kwa zipatala kuti zisunge mbiri za odwala pakompyuta, zomwe zinachititsa madokotala ambiri kuyamba kulowetsa okha zimene apeza, komanso pamene mapulogalamu osandutsa mawu kukhala zolemba, monga Dragon, anayamba kugwira ntchito mwachangu kuposa munthu. Kuti Microsoft inalolera kugula Nuance, kampani yopanga Dragon, pamtengo wa madola 19.7 biliyoni, mgwirizano umene unamalizidwa mu 2022, ndi umboni wokwanira wa kumene ndalama zikulowera, ndipo nthambi ya boma la America yoona za chiwerengero cha ntchito, Bureau of Labor Statistics, ikuyembekezera kuti olemba otere azicheperachepera.

Chimene chatsala m'manja mwa munthu ndi kuwunika ndi kukonza zimene makina alemba, ntchito yolipidwa pang'ono pamzere uliwonse koma yofuna luntha lochuluka, pakuti wowunika ayenera kudziwa ziwalo za thupi, mayina a mankhwala ndi milingo yake, kuti azindikire pamene hypertension, kuthamanga kwambiri kwa magazi, yalembedwa m'malo mwa hypotension, kutsika kwake. Kuopsa kwa cholakwa chaching'ono kunaonekera ku Alabama m'dziko la United States, kumene mu 2012 bwalo la milandu linagamula chipepeso cha madola 140 miliyoni chifukwa cha imfa ya mayi wa matenda a shuga amene anabayidwa mayunitsi 80 a insulin m'malo mwa 8, lipoti lake litalembedwa molakwika kunja kwa dzikolo. Maphunziro a masabata ochepa sangaumbe munthu woyenera kusenza udindo wotere.

Ena amanena kuti ntchito ndi ntchito, ndipo kwa wachinyamata wa ku Blantyre kapena ku Chipata madola ochepa ndi ambiri. Mfundoyi ikuiwala kuti m'zipatala zambiri za boma m'Malawi ogwira ntchito amalemba pamanja m'kabuku ka wodwala, kotero kuti msika weniweni uli kunja, kumene lamulo la ku America la HIPAA la 1996 loteteza chinsinsi cha odwala limachititsa zipatala kudalira makampani odziwika osati munthu payekha wongopezeka pa intaneti.

Wofunitsitsa kulowa m'gawoli aphunzire mozama chilankhulo cha zachipatala ndi kasungidwe ka mbiri za odwala, luso limene lingamuthandize ngakhale kutayipa kutatheratu, ndipo asanalipire khobidi lililonse afunse sukulu yophunzitsa ntchitoyi kuti ophunzira ake akale akugwira ntchito kuti. Sukulu yolephera kuyankha funso limeneli siyenera kulandira ndalama za munthu aliyense.