Lole Ili M'galaja: Tikhulupirire Yani?

M'gawo lapitali tinakamba za ntchito zamanja zimene wotsiriza sukulu angasankhe. Lero tiyeni tiime pa Maselema, pakati pa Chichiri ndi Limbe, m'mbali mwa msewu wa Masauko Chipembere, umene akuluakulu amaukumbukira ndi dzina lakale la Kamuzu Highway. Dera limeneli ndi la mafakitale, nyumba zosungiramo katundu, masitolo a masipeya ndi magalaja. Alipo magalaja a mipanda ya njerwa ndi maofesi, aliponso a pansi pa mtengo, amene chuma chawo chonse ndi jeke ndi bokosi la masipanala. Malole a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri akawonongeka, ena amakokeredwa kuno. Tsono kulikonse kumene kuli magalaja sikusowa mkangano umene tikufuna kuusanthula lero: mwini lole akuti makaniko wam'bera, makaniko akuti mwini lole ndi wosayamika.

Wina angati nkhaniyi ndi ya anthu awiri okhawo. Sichoncho ayi. Dziko lathu lilibe doko la kunyanja yamchere. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji za ku Beira ndi Nacala, ndipo katundu wathu anayamba kuyenda pamsewu mpaka ku Durban ndi Dar es Salaam. Njanji ya ku Nacala inatsegukanso, koma lole sinatsike pampando umene inakhalapo nthawi imeneyo. Tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje, shuga wa ku Nchalo, fodya wopita ku okushoni ku Limbe, feteleza, chimanga, ngakhale mchenga ndi njerwa zomangira nyumba ku Machinjiri, zonsezi zimadalira matayala. Lole ikagona m'galaja mwezi wathunthu, dalaivala ndi othandizira ake alibe malipiro, mwana wa mwini wake wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, ndipo ngongole imene anagulira loleyo ikuberekabe chiwongoladzanja. Ikatuluka ndi mabuleki okonzedwa mwachinyengo, amene ali pangozi ndi aliyense woyenda m'zitunda za mzinda uno.

Gwero la mkangano

Munthu akagula nsomba pamsika wa Limbe amaiona, amainunkhiza, ndipo akafika kunyumba amailawa. Koma wopereka lole kwa makaniko amagula chinthu chimene sangachione asanalipire, ndipo kawirikawiri sangachione ngakhale atalipira. Akatswiri awiri a zachuma, Michael Darby ndi Edi Karni, analemba za vuto limeneli mu 1973. Iwo anasonyeza kuti pa ntchito zokonza zinthu, munthu mmodzi yemweyo ndiye amanena matenda, ndiyenso amagulitsa mankhwala ake. Wotere ali pa mayesero aakulu onena matenda oposa amene alipo.

Taonani chitsanzo. Lole ya dizilo ikutulutsa utsi wakuda ndipo yafooka pokwera chitunda. Utsi wakuda umasonyeza kuti dizilo wachuluka kapena mpweya wachepa mu injini. Mwina sefa ya mpweya yatsekeka ndi fumbi, ndipo imeneyo ndi ntchito ya mphindi zochepa. Mwina manozo opopera dizilo atha, mwinanso pampu yeniyeniyo yasokonekera, ndipo imeneyo ndi ntchito ya ndalama zambiri. Utsi wobiriwira ngati thambo umanena kuti injini ikuwotcha oilo, pamene utsi woyera pamodzi ndi kutha kwa madzi mu redieta kawirikawiri ndi chizindikiro cha gasiketi yopsa. Makaniko amadziwa kusiyanitsa zonsezi. Mwini lole amangoona utsi. Akauzidwa kuti injini yonse iyenera kutsitsidwa, alibe poyambira kutsutsa. Loleyo ikachira, sadziwa ngati yachira chifukwa cha ntchito yaikulu imene walipira kapena chifukwa cha sefa yatsopano yokha.

Choncho mkangano wa m'galaja subwera chifukwa chakuti amakaniko ndi oipa mtima kuposa anthu ena. Ubwera chifukwa chakuti wina akuona ndipo mnzake sakuona, pomwe zonse zimene agwirizana zili m'kamwa mokha.

Madandaulo a eni malole

Madandaulo amene amamveka kawirikawiri ndi anayi. Loyamba ndi mtengo wosinthasintha: lero wauzidwa mtengo wakuti, injini itatsegulidwa mtengowo wawirikiza, ndipo sungatenge lole yako popeza ili zidutswazidutswa pansi. Lachiwiri ndi la masipeya: walipira chitsulo chatsopano koma chimene chaikidwa ndi chakale chotsukidwa ndi petulo, kapena chongofanizira choikidwa m'bokosi lokongola. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Lachitatu ndi kuchedwa: ndalama ya chikole yagwiritsidwa ntchito pomalizira lole ya munthu wina, ndipo yako ikudikira chikole cha amene adzabwere mawa. Lachinayi, loipa koposa, ndi kusowa kwa zinthu: batire yabwino yasanduka yakufa, dizilo waphwa m'thanki, sitata yapita m'lole ina.

Nawonso amakaniko ali ndi mawu

Mlandu saweruza atamva mbali imodzi. Pafupifupi chitsulo chilichonse cha galimoto chimachokera kunja ndipo chimagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. M'masiku ngati amenewo makaniko wolungama amatha kunena mtengo Lolemba, n'kupeza Lachisanu kuti sitolo yakweza, kapena kuti chitsulocho chasowa mumzinda wonse. Malole ang'onoang'ono ambiri, monga Canter, Dyna ndi Isuzu, amafika kuno atagwira kale ntchito zaka zambiri ku Japan. Ukakonza ichi, icho chimene chinali pafupi kutha chimaonekera, ndipo mwini wake amati wakonza chimodzi n'kuwononga china.

Eni malole ena amadzipalira okha makala. Amasenzetsa lole ya matani 3 katundu wa matani 5, kenaka n'kudabwa kuti masipuling'i athyoka ndipo kilatchi yapsa. Amachedwetsa kusintha oilo. Pamene mafuta anasowa mu 2022 ndi kumapeto kwa 2024, ena anathira dizilo wa m'zigubu. Ndipo dizilo wosakaniza ndi palafini kapena madzi amadya pampu ndi manozo. Ena amabwera ndi chitsulo chotchipa chimene agula okha, chikathyoka mlandu n'kukhala wa amene anachimanga. Ena amatenga lole ndi lonjezo lakuti adzalipira akabwerako ku ulendo woyamba, osaonekanso. Palinso dalaivala amene amapempha makaniko kuti awonjezere mtengo pa lisiti kuti agawane. Apa mwini lole amakalipira galaja pamene khoswe wakhala pa mkhate m'nyumba mwake momwe.

Malamulo akuti chiyani?

Zikavuta, ambiri amathamangira kupolisi. Tisiyanitse zinthu ziwiri. Kuchotsa chitsulo m'galimoto ya munthu popanda chilolezo chake ndi kuba, ndipo kulandira ndalama monama ndi mlandu wa chinyengo. Imeneyi ndi ntchito ya apolisi. Koma kusagwirizana pa mtengo kapena pa ubwino wa ntchito ndi mlandu wa anthu awiri, ndipo malo ake ndi bwalo la milandu. Tidziwenso kuti malamulo amene tinatengera ku England amalola wokonza chinthu kuchisunga kufikira atalipidwa. Ufuluwu ndi wosunga chabe. Si wotengera lole ya mwini kukanyamulira mchenga kapena kuisandutsa nkhokwe ya masipeya.

Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003. Lilinso ndi bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lobadwa ndi lamulo la 1998, limene lamulo latsopano la 2024 linalipatsa mphamvu zolipitsa chindapusa amalonda achinyengo. Bungwe loyankhulira ogula la CAMA lakhala likugwira ntchito kuyambira 1994. Koma kulikonse kumene wodandaula angapite, funso loyamba ndi limodzi: umboni uli kuti? Munthu amene alibe lisiti, alibe pepala la mtengo, alibe mboni, amabwerako chimanjamanja ngakhale atalakwiridwa zoona.

Anzathu a ku South Africa analilingalira bwino vutoli m'lamulo lawo loteteza ogula la 2008. Kumeneko wokonza ayenera kunena mtengo ndi kulandira chilolezo asanayambe ntchito, ndipo saloledwa kupyola mtengowo asanafunsenso. Zitsulo zimene wachotsa ayenera kuzibweza kwa mwini wake, pokhapokha mwiniyo atazikana. Chitsulo chimene waika, pamodzi ndi ntchito yochiikira, chili ndi chitsimikizo cha miyezi 3. Mfundo zitatuzi sizilira makina kapena ndalama zakunja. Zilira pepala, cholembera ndi mtima wofuna kuonekera poyera, ndipo galaja lililonse pa Maselema likhoza kuzitsata mawa lomwe popanda kudikira Nyumba ya Malamulo.

Zoyenera kuchita

Mwini lole, musanapereke makiyi, lembani pamodzi ndi makaniko zimene zili m'galimoto: nambala ya batire, matayala, jeke, mlingo wa dizilo ndi makilomita amene yayenda. Foni ya m'manja ijambule zonsezi. Lipirani ntchito yofufuza vuto payokha, kuti mukhale ndi ufulu wokafunsa kwina; safunsa anadya phula. Mtengo ulembedwe, wa masipeya padera, wa ntchito padera, ndi tsiku lotsirizira. Mugwirizane kuti pakapezeka vuto lina, sipanala isagwire musanavomere, ngakhale pa uthenga wa pafoni. Chikole chikhale cha masipeya otchulidwa mayina, ndipo lisiti la kusitolo lionekere. Zitsulo zakale zibwerere kwa inu. Ntchito ikatha, yendetsani loleyo muli limodzi ndi amene waikonza, ndipo mukakhutira lipirani tsiku lomwelo, chifukwa nayenso ali ndi ana.

Musaganize kuti pepala la COF lochokera ku nthambi yoona za pamsewu ndi umboni wakuti galaja lagwira bwino ntchito. Pepalalo limangonena kuti patsiku loyesedwa galimoto inali yoyenera kuyenda. Silinena zimene zaikidwa m'kati mwa giyabokosi.

Ena amati kulemba mapepala ndi kusakhulupirirana, makamaka ngati makaniko ndi wa mpingo umodzi kapena wa kumudzi kwanu. Ife tikuti pepala ndilo limasunga chibale. Anthu awiri olungama akhoza kukumbukira mosiyana mawu amene ananena miyezi iwiri yapitayo, ndipo ubwenzi wa zaka zambiri n'kuthera pomwepo. Pepala limatetezanso makaniko kwa kasitomala wokana zimene anavomera.

Kwa otsiriza sukulu ndi aphunzitsi

Ambiri mwa inu mudzalowa ntchito imeneyi, ena kudzera m'masukulu a ntchito zamanja amene bungwe la TEVETA, lokhazikitsidwa mu 1999, limayang'anira, ena pogwirira masipanala mmisiri wa ku Ndirande. Kumeneko mudzaphunzira kumasula injini. Mudzaonanso akuluakulu ena akusintha batire ya kasitomala n'kukuuzani kuti ndi mmene ntchito imayendera. Werengani bwino masamu ake. Batire imeneyo mudzaidya sabata imodzi. Koma madalaivala amakhala pamodzi posungira malole ku Limbe, pa chipata cha Mwanza ndi pamzere wa dizilo, ndipo nkhani yawo yaikulu ndi ya amakaniko. Amene anauza mwini lole kuti vuto ndi sefa chabe, pomwe akanatha kutsitsa injini, dzina lake limafika kutali kumene iye sanapondeko.

Aphunzitsi nanu muli ndi mbali yanu. Mwana amene wadziwa kulemba kalata ya mgwirizano ya mizere isanu, kuwerengetsera mtengo wa masipeya ndi ntchito, ndi kusunga buku la ndalama zolowa ndi zotuluka, wapatsidwa chida chimene magalaja ambiri alibe. Kuchedwa kwa malole m'magalaja ang'onoang'ono nthawi zina sikuyamba ndi mtima wakuba. Kumayamba ndi mmisiri waluso amene ndalama ya chikole ndi ya ndiwo amaziika m'thumba limodzi. Phunziro la masamu ndi la kalembedwe likhoza kupulumutsa munthu wotere ku dzina la mbala.

M'gawo lotsatira tidzaona za masipeya eniake: momwe amafikira m'dziko muno, ndi momwe wogula angasiyanitsire chitsulo chenicheni ndi chongofanizira.