Kababu Kamodzi Kakapsa, Musataye Chingwe Chonse

Disembala aliyense kwathu timatsitsa katoni ina yake pamwamba pa wadiropu. M'katonimo muli chingwe cha timababu 20 ta Khirisimasi, tofiira, tobiriwira ndi tachikasu, chimene amalume anabwera nacho kuchokera ku Joni ine ndisanayambe n'komwe sukulu. Chaka chatha titachilumikiza pa soketi, palibe ngakhale kamodzi kanayaka. Mng'ono wanga anangoti, "Achimwene, tayani izi, za LED zili mbwee mumsika." Ndinakana. Ine ndimaona kuti kutaya chingwe chotere osayesa kuchikonza n'kulakwitsa, makamaka kwa inu amene mukuphunzira fizikisi ndipo mwina labu ya pasukulu panu ilibe zipangizo zokwanira aliyense.

Tiyambe ndi chifukwa chake chingwe chonse chimazima nthawi imodzi. Magetsi a m'nyumba zathu kuno ku Malawi ndi a 230V, pomwe kababu kamodzi ka pachingwe chathuchi kamangofuna pafupifupi 12V. Mutakalumikiza kokha pa soketi kangapse nthawi yomweyo. Ndiye opanga anatilumikiza mondondozana kuti tigawane mphamvuyo: 230 kugawa ndi 20, kalikonse kamalandira 11.5V. Iyi ndi series circuit ija mumajambula m'kope. Njira ya magetsi ndi imodzi yokha, ngati mlatho wa mtengo umodzi pamtsinje. Mtengowo ukathyoka pamalo amodzi, palibe awoloke. Choncho chingwe chikazima, nthawi zambiri timababu 19 timakhala tili bwinobwino, kolakwa ndi kamodzi basi. Nanga munthu amataya njinga chifukwa choti tayala laphwa?

Nzeru yoika magetsi pamtengo wa Khirisimasi si ya dzulo ayi. Mu 1882 Edward Johnson, amene ankagwira ntchito ndi Thomas Edison, anaika mababu 80 ofiira, oyera ndi abuluu pamtengo wa m'nyumba mwake ku New York. Nthawi imeneyo anthu ankaika makandulo pamitengo, ndipo nyumba zinkapsa nazo.

Koma chimene chimandisangalatsa kwambiri chili m'kati mwa kababu kenikeniko. Katengeni mukayang'anitsitse padzuwa. Pamwamba muona filament, kawaya kopyapyala ka tungsten, chitsulo chimene chimasungunuka pa 3422°C, n'chifukwa chake chimatha kutentha mpaka kuwala osasungunuka. Pansi pake, m'timababu tambiri totere, muli kawaya kena kokulungidwa pa timiyendo tiwiri togwira filament. Kameneka dzina lake ndi shunt. Kali ndi kachikuto kopyapyala koletsa magetsi kudutsa, ndiye kababu kakamayaka bwino, shunt imangokhala phee. Filament ikaduka, 230V yonse imaunjikana pamalo odukawo, imaboola kachikuto kaja, magetsi n'kupeza njira yatsopano. Kababu kaja kamazima koma tinzake timapitiriza kuyaka. Tangoganizani, nzeru zonsezo m'kanthu kochepa ngati mtedza.

Vuto lake nali. Timababu tinayi tikapsa n'kudutsidwa ndi shunt, totsala 16 ndi timene tikugawana 230V, ndiye kalikonse kakulandira 14V ndi kachidutswa. Timawala kwambiri, anthu n'kumati eee chaka chino akuwala bwino, osadziwa kuti tikufulumira kupsa. Kena kakapsa, totsala timalemedwanso kuposa pamenepo, mpaka tonse kutha motsatizana. Ndiye mukaona kamodzi kazima, kasintheni msanga. Ndiponso shunt si nthawi zonse imagwira ntchito. Ikakana, m'pamene chingwe chonse chimachita mdima bii.

Kupeza kolakwako ndiye phunziro lenileni. Choyamba, zulani pulagi pakhoma. Osati kungothimitsa swichi, kuzula. Mwamva ndanena kuti pamalo odukapo pamakhala 230V yonse? Soketi ya kababu kamene mwangozula kumene, chingwe chili pamagetsi, ikhoza kukuphani ngakhale timababu tonse tili tozima. Anthu ambiri amapusitsika pomwepa: amaona mdima n'kumaganiza kuti mulibe moto.

Mukazula, tsegulani pulagi muone fyuzi. Zingwe zotere zimafuna fyuzi ya 3A. Ikakhala bwino, bwerekani multimeter kwa aphunzitsi kapena kwa okonza mawailesi, muyiike poyezera ngati njira ndi yolumikizana. Musayambe kuyesa kababu koyamba, kachiwiri, kachitatu, mungatope. Zulani ka pakati, muyeze kuchokera pamwendo wa pulagi kufika pasoketi imeneyo, mbali iyi ndi mbali inayo. Mbali imene mita yakhala chete ndi kumene kuli vuto. Kagaweninso pakati kumeneko, n'kumapita choncho. Ngati cholakwika ndi chimodzi, pa timababu 20 simudutsa maulendo asanu musanachipeze. Njira yogawa pakatiyi ndi yomwe mapulogalamu a kompyuta amagwiritsa ntchito pofufuza dzina pamndandanda wautali wosanjidwa bwino. Ngati mita palibe, batire ya 9V ndi timawaya tiwiri zikwanira: kababu ka 12V kabwino kamawala pang'ono mukakagunditsa.

Nthawi zina kababu sikanapse n'komwe. Khirisimasi yathu imagwa m'dzinja, katoni yakhala m'chinyezi, ndiye timiyendo ta kababu timachita dzimbiri kapena kupindika osakhudza chitsulo cha m'soketi. Kupala pang'ono ndi kuwongola, basi zatheka. Mukapeza kababu kamene m'kati mwake muli kachitsulo kopyapyala pafupi ndi filament, kameneko ndi kophethiritsa. Kachitsuloko ndi zitsulo ziwiri zomatidwa pamodzi zimene zimafutukuka mosiyana zikatentha. Kakatentha kamapindika n'kudula njira, kakazizira kamabwerera. Poti njira ndi imodzi, chingwe chonse chimaphethira nawo.

Tsopano, sindikunena kuti chingwe chilichonse chakale chibwerere pakhoma. Yendetsani chala pawaya yense. Pulasitiki ikakhala youma, yong'aluka, kapena makoswe anayitafuna mpaka waya wa m'kati kuonekera, chingwecho chapuma pantchito, ndipo tepi si mankhwala ake. Zulanimo timababu muzitiyesera ndi mabatire, mupange series ndi parallel yanuyanu. Musayerekeze kuika kapepala konyezimira kapena waya m'malo mwa kababu kapena fyuzi, kumeneko n'kuitana moto m'nyumba. Kababu kolowa m'malo kachokere pachingwe chofanana: ta pachingwe cha timababu 40 ndi ta 6V, pachingwe cha 20 tingapse. Werenganinso zolemba za pachingwe mukachigula m'katundu wa kaunjika. Cholembedwa 120V chinapangidwira ku America, pa 230V yathu chingophulika. Ndipo mukadzakumana ndi mtundu wakale uja wa timachubu tagalasi tamadzi otuwira thovu, amene anatchuka ku America m'zaka za m'ma 1940, musaswe. Si madzi amenewo, ndi methylene chloride, amene amawira pafupifupi pa 40°C ndipo mpweya wake ndi woipa kuupuma.

Mng'ono wanga uja ananena zoona pa chinthu chimodzi. Magetsi a LED amadya mayunitsi ochepa kwambiri ndipo satentha, pomwe babu ya filament mphamvu yake yambiri imathera m'kutentha osati kuwala. Ngati mukugula chatsopano, gulani LED, sinditsutsa. Chimene chimandiwawa n'choti zingwe zambiri zotchipa za LED zimabwera zomatiratu, kababu sikazuka. Chikafa chimapita kudzala, mawa wina n'kuchiwotcha pamodzi ndi zinyalala, utsi wa pulasitiki uli tolo. Wophunzira sanaphunzirepo kanthu. Chingwe chakale chimalola kuti muchitsegule, mulakwitse, muyezenso, mpaka lamulo la Ohm lisiye kukhala chinthu chongoloweza pokonzekera MSCE.

Chathu chija tinachiyala pamkeka Loweruka masana, pulagi ili m'manja mwa mng'ono wangayo kuti wina asailumikize mosadziwa. Ulendo wachinayi tinakapeza: kababu ka nambala 14, galasi lake lada, shunt inakana kugwira. Kena kanali ndi mwendo wadzimbiri. Tinazula kolowa m'malo pachingwe china cha timababu 20 chimene aneba anali atataya kale, n'kuyeza komaliza ndi mita tisanapite kukhoma. Tonse 20 tinayaka. Chingwe cha anebacho chinatsala ndi timababu 17 tabwino, ndipo tili m'kabotolo m'katoni momwemo.