Akukulipirani Zingati, Achimwene?

Nditauza anzanga a ku hostelo kuti Loweruka ndipalasa njinga kuchoka ku Lilongwe mpaka ku Mchinji n'kukagona m'tenti, mmodzi anandifunsa kuti, "Aise, ya minibasi yakuthera?" Sindinamuimbe mlandu. Ambirife makolo anatitumiza ku koleji kuti tisadzapalasenso njinga.

Ulendowu unakonzedwa ndi kalabu ina ya mumzinda, mwezi wa June. Ndi makilomita pafupifupi 110 pamsewu wa M12, kudzera pa Chitedze, Msundwe, Namitete ndi Kamwendo. Tinanyamuka kusanache, galimoto yonyamula matenti ndi madzi ikutitsatira. Ine ndinali pa njinga yobwereka, ndipo pofika pa Namitete n'kuti chishalo chitandidanitsa ndi moyo.

Titayandikira pa Kamwendo, bambo wina wa kabaza anatipitirira atanyamula mayi ndi thumba la mtedza. Titaima pamsika anabwera n'kuyang'ana zipewa zathu ndi makabudula othinawo.

"Akukulipirani zingati, achimwene?"

Ndinati palibe, talipira ndife. Anaseka mpaka kugwira m'mimba.

Ineyo ndikuti maulendo oterewa ndi abwino, ndipo wophunzira aliyense ayesepo kamodzi. Mu minibasi, Mchinji ndi maola awiri ogona. Pa njinga umadziwa chitunda chilichonse, umamva fungo la mtedza woyanikidwa, umaona mapiri a Mchinji akukula pang'onopang'ono patsogolo pako. Koma kuseka kwa bambo uja kunali ndi mfundo. Tinadutsa dera limene njinga ndi khasu la anthu, ife tikuchita ngati azungu odzaona malo. Buledi, nthochi, ngakhale mazira owiritsa, zonse tinachoka nazo ku Lilongwe. Tayala likaphulika tinkadikira makaniko wa m'galimoto, chonsecho wokonza njinga ali pansi pa mtengo pomwepo. Msonkho wa ulendo nawo unali woti wodalira ngongole ya sukulu aganize kawiri. Ine anandilipirira ndi malume.

Usiku ndiwo unatiwongola. Tinakhoma matenti pabwalo la sukulu ina ya pulaimale, titapempha kwa aphunzitsi aakulu ndi a mfumu. Kuzizira kwa June kunalowa m'tenti ngati mulibe nsalu, moti tonse tinathawira pamoto wa alonda. Agogo amenewo ankatchulabe boma la Mchinji kuti Fort Manning, dzina la nthawi ya atsamunda. Anatisimbira za njinga za Eagle zimene kampani ya Luangwa Industries inkalumikiza ku Chipata, tsidya la malire, ndi mmene mnyamata wokhala nayo sankavutika kufunsira. Pamenepo m'pamene tinasiya kukhala alendo a zipewa n'kukhala ana ofunsa mafunso.

Ena anena kuti msewuwu ndi woopsa, ndipo sakunama. Malole opita ku chipata cha Mwami, pamene maofesi a malire a Malawi ndi Zambia anaphatikizidwa mu 2022, amakudutsa mphepo yake n'kukukankhira ku fumbi. Malo ena m'mphepete mwa tala munadyeka, palibe pothawira. Komatu ife tinaopa tsiku limodzi, tili ndi galimoto yoyatsa mahazadi kumbuyo. Wa kabaza amakumana nazo tsiku ndi tsiku, ndi pasenjala pa kaliyala. Pakati pa inu mukuwerenga pano pali amene mawa adzajambule misewu ku Roads Authority kapena kugawa ndalama ku khonsolo ya boma. Ndikanakonda munthu ameneyo atayamba wamvapo lole ikupuma m'khosi mwake asanasainire msewu wopanda malo a njinga.

Ndiye tisadikire makalabu a anthu olemera. Ophunzira khumi angathe kukonza wawo: njinga wamba za kumudzi zija, tenti yobwerekana, neti ya udzudzu, tochi, ndi kalata yopempha malo ogona itumizidwe sabata isanakwane. Atsikana akhale nawo pokonza, chifukwa nkhani ya pogona ndi posamba anyamatafe timaiganiza mochedwa. Nsima tikadye pa Kamwendo, machubu tikamatitse pomwepo.

Pobwerera Lamulungu miyendo inakana. Ndinakwera minibasi, ndipo kondakitala anandilipiritsa mipando iwiri, wanga ndi wa njinga.