Tchaja ikakana nyengo yotentha, musaikakamize

Sabata ino ndalandira kalata yochokera kwa mayi wina wa ku Nchalo. Akuti iwo ndi bambo a kunyumba adatenga ngongole kubanki m'khonde n'kugula njinga yamagetsi, ija yopalasa koma yokhala ndi batire, kuti bamboyo azinyamulira katundu wa anthu. Mu June ndi July zonse zinali myaa. Koma kungolowa October, tchaja yayamba matukutuku: imatchaja pang'ono, n'kutentha ngati mbaula, kenako n'kusiya. Bambo akuti ana ndiwo aiononga, moti tsopano akumatchajira kuchipinda usiku, pamphasa, pafupi ndi pogona khanda. Funso la mayiwa n'lakuti, kodi agule tchaja ina?

Mayi, ndi inu nonse amene muli ndi vuto lomweli, musathamangire kumsika. Anawonso musawakalipire. Nthawi zambiri tchaja yotere siinafe, ikungodziteteza.

Mabatire ambiri a njingazi ndi a lithium, mtundu womwe uja wa m'foni. Batire yotere sifuna kutchajidwa ikatentha kupitirira madigiri 45. N'chifukwa chake mabatire abwino ndi matchaja ake amakhala ndi kachipangizo kamene kamadula moto zinthu zikatenthetsa. Tsono taganizani: kuchigwa cha Shire, mu October ndi November, kunja kokha kumatha kupitirira madigiri 40. Njinga yayenda tsiku lonse padzuwa itasenza matumba, batire yafika ili juu, inu n'kuilumikiza pompo m'nyumba yamalata yopanda siling'i. Nanga ilekerenji kukana?

Choyamba, ipumitseni. Mukafika, ikani batire pamthunzi kwa ola limodzi, kufikira mutaigwira osamva kutentha. Musaikulunge m'nsalu yonyowa, musaithire madzi, musaiike m'fuliji. Chinyontho chikalowa mkati ndiye mwaputa zina. Nthawi yabwino yotchajira ndi m'mamawa kapena madzulo kukazizira, inu muli maso.

Chachiwiri, onani pamene tchaja yakhala. Tchaja imatentha yokha ikamagwira ntchito, ndiye imafuna mpweya. Ikani pasimenti kapena panjerwa, osati pamatiresi, pasofa, pamphasa kapena m'chikwama. Ena mumaifunditsa chitenje poopa fumbi, kumeneko n'kuitsamwitsa. Ngati ili ndi kafani, mvetserani ngati kakuzungulira. Kakakhala chete, zulani pulagi n'kuchotsa fumbi pa timabowo ndi kamswachi kouma.

Chachitatu, werengani kagetsi. Pa matchaja ambiri, kofiira ndiye kuti ikutchaja, kobiriwira ndiye kuti yadzaza. Kakayaka kobiriwira pomwe batire ilibe moto, dziwani kuti moto sukulowa: mwina batire idakatentha, mwina polumikizira pali fumbi kapena pakhwepa. Kagetsi kakapanda kuyaka n'komwe, yesani soketiyo ndi wailesi kapena tchaja ya foni, muonenso nthambo ngati siinadyedwe ndi makoswe. Mapulagi athu a mano atatu aja amakhala ndi fyuzi mkati, ndipo nthawi zina chafa n'chomwecho, kanthu kotchipa. Maekisitenshoni opyapyala a pamsika, odzaza ndi ayironi ndi ketulo, apeweni. Magetsi akathima zulani tchaja, chifukwa pobwera nthawi zina amabwera ndi ukali.

Mukachita zonsezi koma osatheka, pitani nazo zonse ziwiri, tchaja ndi batire, kwa mmisiri wa zamagetsi akayeze ndi mita. Batire ya lithium ya 36V imafuna tchaja yotulutsa 42V, pomwe ya 48V kawirikawiri imafuna 54.6V. Manambalawa amalembedwa pa tchaja pomwepo. Musabwereke tchaja ya aneba chabe chifukwa choti kamutu kake kakulowa, ndipo ya batire za asidi musaiike pa batire ya lithium. Abambo, ndikudziwa kuti sikuludiraiva mumaikonda, koma tchaja musaitsegule. Mkati mumatsalira moto woti n'kukugwirani ngakhale mutazula pakhoma. Paja safunsa adadya phula.

Tsopano ndifike pa chimene chandisowetsa tulo m'kalatayi, nkhani yotchajira kuchipinda. Batire ya lithium ikagwira moto sichedwa, imalilima m'kanthawi kochepa, utsi wake ndi wapoizoni, ndipo ikhoza kuyakanso mutaganiza kuti yazima. Mumzinda wa New York, komwe kuli ozimitsa moto ankhaninkhani, anthu 18 adafa mu 2023 ndi moto wa mabatire amenewa. Nanga inu amene galimoto yozimitsa moto ili kutali, mawindo ali ndi zitsulo, chitseko n'chimodzi?

Choncho musatchajire pogona ana, kapena pakhomo potulukira, kapena nonse muli m'tulo. Ikadzaza, zulani. Mukaona batire yatupa, yang'aluka, ikuchucha, ikununkha zachilendo kapena ikulira ngati mafuta pachiwaya, siyani kuigwiritsa ntchito. Ngati siinayambe kufuka ndipo ikugwirika, itulutseni panja, kutali ndi udzu ndi nkhuni. Ikayamba kufuka, musalimbane nayo. Tulutsani ana, itanani anthu. Njinga mudzagula ina, mwana sagulidwa.

Kwa inu bambo a ku Nchalo, nkhawa yanu ndikuimvetsa. Ngongole siidziwa kuti kwatentha, tsiku lobweza likafika lafika. Koma kukakamiza batire yotentha kumaifupikitsa moyo, ndipo pa njinga yonseyo batire ndiyo imadula kwambiri. Kutaya ola limodzi poidikira kuli bwino kusiyana n'kutenga ngongole yachiwiri. Khalani pansi ndi mayi, mugwirizane malo amodzi otchajira, a mthunzi, odutsa mphepo, osafikako ana, komanso amene aziyang'anira. Anawo muwauze bwinobwino chifukwa chake saloledwa kukhudza, ndipo poti mudawanamizira, kupepesa sikuchotsa ubambo.

Mayi, yesani zimenezi sabata imodzi, mudzandilemberenso. Tionane Lamulungu likubwerali.