Mphuno ndi Milomo pa Nyengo ya Chisanu

Mvula ikatha m'mwezi wa April, mapiri a ku Dowa ndi ku Ntchisi ayamba kuzizira, ndipo pofika June ndi July chisanu chakula ndithu. Mwera uomba usana ndi usiku, udzu uuma, fumbi libuka m'njira. Kuyambira chaka cha 1889, pamene anatsegula mishoni ya ku Mvera, ndi 1894, pamene anatsegula ya ku Kongwe, ana akhala akukwera zitunda izi m'mamawa kumka kusukulu, manja ali m'khwapa. Chaka ndi chaka mphunzitsi aona zomwezo: milomo yong'aluka, mphuno zotsekeka, ndi mwana wina amene kamfuno wamdonthera pabuku.

Akulu ambiri poona izi angoti, "N'chisanu, chidzapita." Mau awa ndi oona pang'ono, koma aiwala chinthu chachikulu. Chimene chiononga m'mphuno ndi m'kamwa si kuzizira kokha ai, koma makamaka kuuma. Kuzizira palibe angakuletse. Koma kuuma ngakhale mwana wamng'ono akhoza kulimbana nako.

M'kati mwa mphuno ndi m'kamwa muli kakhungu kofewa, konyowa masiku onse, kamene ena akatcha nembanemba. Kakhungu ka m'mphuno kali ndi ntchito yaikulu. Pansi pake pali timitsempha ta mwazi tambirimbiri, timene tifunditsa mpweya wozizira usanafike m'mapapo. Pamwamba pake pali mamina, amene agwira fumbi ndi tizirombo toyambitsa nthenda monga ulimbo ugwira mbalame. Palinso tiubweya tosaoneka ndi maso, timene tikankha maminawo pang'onopang'ono kumka kummero, kuti zoipazo zisatsikire m'chifuwa. Ana aseka mamina, koma akadapanda kukhalapo, fumbi lonse la m'njira ya ku Mponela likadalowa m'mapapo.

Woumba mbiya adziwa kuti mbiya yaiwisi saiyanika pamphepo. Aiika mumthunzi, naiphimba, pakuti ikauma msanga ing'aluka. Kakhungu aka kali chimodzimodzi. Mpweya wouma ukakapita masiku ambiri, mamina alimba nakhala nkhanambo, tiubweya tija tichedwa pa ntchito yake, ndipo kakhungu kang'aluka. Pamenepo tizirombo ta chimfine tipeza khomo lotseguka. Chimfine sichichokera m'madzi ozizira monga ena aganizira. Chichokera kwa munthu wina wodwala, poyetsemula, potsokomola, kapena pogwirana chanza. Koma chigwira msanga mphuno youma ndi yozizira. Munthu wolowa m'nkhalango ya paphiri la Ntchisi, imene Boma linaitchinjiriza m'chaka cha 1924, akhoza kumva yekha kusiyana kwake: pansi pa mitengo ikuluikulu mpweya uli wonyowa, ndipo apuma bwino, akatulukira kuminda, m'mphuno muyambanso kuuma.

Tsono mankhwala oyamba ndiwo madzi akumwa. Pa nyengo ya dzuwa mwana athamangira yekha kumtsuko, koma pa chisanu ludzu silimveka, ndipo ena atha tsiku lonse osamwa. Kodi thupi lidzatenga kuti madzi onyowetsa mphuno ndi kamwa? Mwana wanzeru amwa asanachoke kunyumba, namwanso pobwera, ngakhale sakumva ludzu. Ngati madzi a mumtsuko azizira kwambiri, awafunditse pamoto. Thobwa ndi phala zithandizanso.

Milomo isauka koposa, popeza ilibe mafuta akeake monga khungu lina la thupi. Mwana akamva kuti yauma, ainyambita. Achita chotero poyesa kuithandiza, koma aiononga. Pakuti malovu auma msanga pamphepo, nasiya milomo youma koposa kale. Pambuyo pake aisenda ndi mano kufikira ituluka mwazi. Chofunika ndicho kusamba kumaso m'mawa, osaopa madzi, ndi kudzola pamilomo mafuta pang'ono, kaya Vaseline, kaya mafuta a mtedza. Kadontho kamodzi kakwanira, ndipo kotsala pachala apake pakhomo pa mphuno pokha, osati m'kati mwenimweni. Pamene kummero kukanda, asungunule theka la supuni yaing'ono ya mchere m'kapu ya madzi ofunda, achukuche nawo, nalavule.

Zilonda za m'mbali mwa kamwa ndi nkhani ina. Kawirikawiri zisonyeza kuti thupi liperewera zakudya zina, ndipo mafuta okha sangazichize. Nsima ndi mchere sizikwanira. Afunika mazira, mkaka, nyemba, mtedza, usipa ndi masamba a kudimba. N'zomvetsa chisoni kuona banja limene lakolola mtedza wambiri likugulitsa wonse pamsika, ana ake ali ndi zilonda pakamwa.

Koma mdani wamkulu ali m'nyumba momwe. Madzulo anthu atseka chitseko, nasonkha moto, naotha akuotcha mbatata. Palibe angawatsutse pofuna kufunda. Koma woyang'ana kudenga aona udzu uli bii ndi mwaye. Utsi umene udetsa udzu ndi womwewo umene ana aupuma usiku wonse. Uwawa m'maso, upsereza kakhungu ka m'mphuno ndi kummero, ndipo m'mawa mwana adzuka mphuno itatsekeka. Pamenepo apuma ndi pakamwa, ndipo mpweya ulowa wozizira, wosasefedwa, nuumitsa lilime ndi nkhama. Wina adzati, "Nanga tigone osafunda?" Iai. Nkhuni zouma bwino sizifuka utsi wambiri monga zaziwisi, ndipo kampata kosiyidwa pazenera kapena pansi pa denga sikatha kufunda konse. Ana akhalenso patali pang'ono ndi moto. Koma mbaula ya makala isagone m'nyumba yotseka konse, pakuti makala atulutsa mpweya waululu wopanda fungo, umene upha anthu ali m'tulo.

Fumbi nalonso lichuluka pa miyezi imeneyi, posankha fodya m'chigafa, popuntha chimanga ndi posesa pabwalo. Wosesa ayambe wawaza madzi, ndipo wothandiza makolo pa ntchito ya fumbi amange kansalu pamphuno. Pomina amine pang'onopang'ono, mphuno imodzi kenaka inzake, nasambe m'manja. Chala chisalowe m'mphuno kukanganula nkhanambo, pakuti timitsempha tija tili pafupi, ndipo chikhadabo chititsegula msanga.

Kamfuno akatuluka, anzake a mwanayo amuuza kuti ayang'ane kumwamba, ena namtsekera masamba kapena pepala. Zonsezi n'zolakwa. Woyang'ana kumwamba ameza mwazi, ndipo akhoza kusanza. Masamba alowetsa litsiro pabala. Mwanayo akhale pansi, aweramire kutsogolo pang'ono, atsine mphuno pofewa ndi zala ziwiri, napume ndi pakamwa. Agwire chomwecho mphindi 10 kapena 15 osataya kuti aone ngati waleka. Mwazi ukaleka, asamine tsiku limenelo. Koma ukapitirira mphindi 20, kapena ukamabwera kawirikawiri, makolo amtengere kuchipatala chapafupi, kaya ku Dowa, ku Mponela, ku Madisi kapena ku Ntchisi. Achitenso chomwecho ndi mwana wa zilonda za m'kamwa zosapola, ndi wa chifuwa chimene chatha masabata awiri, kuti akamuyeze ngati si chifuwa chachikulu.