Nyumba Kumtunda, Munda Kudimba

Mvula ikafika pachimake timamva pa wailesi kuti anthu a ku Nsanje ndi ku Chikwawa madzi awalowera m'nyumba. Ambiri a ife timafulumira kuweruza kuti, "Amenewo ngosamva, angofuna ufa ndi mabulangete aulere." Ine maganizo amenewa sindigwirizana nawo.

Taganizirani banja la ku Makhanga, kufupi ndi kumene mtsinje wa Ruo umathira mu Shire. Banjali likudziwa bwino lomwe kuti madzi saiwala khwawa. Linaona chigumula cha mu Januwale 2015, pamene boma linalengeza kuti maboma 15 ali pa ngozi. Linaonanso namondwe wa Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Nanga bwanji silisamuka?

Madzi omwewo amene amagwetsa nyumba ndiwo amasiya chonde. Akaphwa, anthu amabzala chimanga, mbatata ndi nyemba kudimba popanda feteleza, nakolola m'chilimwe. Nsomba zili pafupi. Manda a makolo ali pomwepo. Nyakwawa nayo imaopa kuti ikalowa m'dziko la mfumu ina, ufumu wake watha. Kumtunda kumene amauzidwa kuti apite, nthaka nthawi zambiri ndi youma. Tsono bambo ndi mayi akamakambirana usiku amayeza zinthu ziwiri: chigumula chimene chimabwera zaka zina, ndi njala imene ingabwere chaka ndi chaka.

Komabe moyo sagula pamsika. Maganizo anga ndi akuti banja lizigona kumtunda koma lisalandidwe dimba lake. Mafumu ndi boma apereke malo apafupi, oti munthu azipita kumunda m'mawa n'kubwerera madzulo, ndipo pamalopo pakhale mjigo ndi sukulu. Zikatero palibe angakane.

Amene sanathe kusamuka nawo asapinde manja. Akweze maziko a nyumba, amangire njerwa zootcha, ndipo mbewu ndi ziphaso azisunge pamwamba. Chenjezo likamveka, atsogoze ana, okalamba ndi mbuzi kumtunda, osadikira kuti madzi afike pakhomo. Paja Ruo amachokera ku phiri la Mulanje, choncho akhoza kusefukira usiku ngakhale kumudziko kusanagwe ndi dontho lomwe.

Anzanga ndi inu makolo athu, tisanawatche abale athuwa osamva, tiyambe tadzifunsa kuti: kumene tikuwatumako akadya chiyani?