Ofufuza za China abwere nazo kuno ku komboni

Aliyense wocokera ku Chunga kapena ku Matero akamapita m'tauni amaona bwalo la National Heroes Stadium, limene linatsegulidwa mu 2014. Linamangidwa ndi kampani ya ku China, ndi ndalama za nkhongole yocokera komweko. Ambiri timalidziwa bwino, pakuti mu January 2024 ndi mmene munagonekedwa abale athu odwala kolera. Koma ndi angati mwa ife amene angathe kunena kuti nkhongoleyo inali ya ndalama zingati, ciongola dzanja cake n'cotani, ndipo idzatha liti?

Funso limeneli ndi lathu tonse, cifukwa nkhongole ya boma imabwezedwa ndi msonkho wa mai wogulitsa repu pamsika ndi wa mlimi wogula fataleza.

Mu November 2020 dziko la Zambia linalephera kulipira ciongola dzanja ca madola mamiliyoni 42.5 pa nkhongole ya Eurobond. Imeneyo sinali ya China, koma inacititsa anthu kufunsa kuti tinakongola zingati ndiponso kwa yani. Boma la nthawi imeneyo linali kuonetsa kuti nkhongole ya kwa obwereketsa a ku China inali madola mabiliyoni 3.4. Mu September 2021 bungwe la China Africa Research Initiative, la pa yunivesite ya Johns Hopkins ku America, linafalitsa kafukufuku woonetsa kuti ndalamazo zinali pafupifupi mabiliyoni 6.6. Patangopita masabata ocepa, boma latsopano linatulutsa ziwerengero zake, ndipo nazo zinapitirira mabiliyoni 6.

Ndi camanyazi kuti coonadi ca nyumba yathu tinacimva kwa anthu a kutsidya la nyanja.

Sikuti tilibe anthu ophunzira. Tili ndi ZIPAR, tili ndi Centre for Trade Policy and Development, tili ndi JCTR ya ansembe aciJezuiti imene mwezi ndi mwezi imawerengera mtengo wa zofunika pa banja. Pa University of Zambia pali Confucius Institute kucokera mu 2010, kumene ana athu amaphunzira cinenero ca ku China. Cimene cikusowa ndi kugwirizana kokhazikika. Wodziwa za cuma, wodziwa malamulo, wodziwa za madzi ndi nthaka, ndi wotha kuwerenga mapepala olembedwa m'Citchaina ayenera kukhala pa mphasa imodzi. Cala cimodzi siciswa nsabwe.

Alimi a ku Copperbelt ndiwo mboni. Pa 18 February 2025 damu la zinyalala za mgodi wa Sino-Metals ku Chambishi linagumuka, ndipo madzi a asidi analowa mu mtsinje wa Mwambashi mpaka mu Kafue. Nsomba zinafa, minda ya cimanga inapsa, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi. Poyamba kunanenedwa kuti anataika ndi malita pafupifupi mamiliyoni 50. Pambuyo pake kampani ya Drizit ya ku South Africa, imene inapatsidwa nchito yoyeza kuonongekako, inati zinyalalazo zinali zoculuka kwambiri kuposa pamenepo. A Sino-Metals anatsutsa ndipo anathetsa mgwirizano ndi kampaniyo. Nanga mlimi amene munda wake unafa akhulupirire yani? Akatswiri athu akanakhala ndi zipangizo ndi ndalama zawozawo, mau awo akanathetsa mkangano msanga. Tisaiwale kuti gawo lina la madzi amene timamwa mu Lusaka limacokera mu Kafue yemweyo.

Sitikunena kuti China ndi mdani. Pamene maiko a kumadzulo anakana kutithandiza, China inamanga njanji ya TAZARA ya makilomita 1,860 pakati pa 1970 ndi 1975. Cipatala ca Levy Mwanawasa ciliko ndipo cikuthandiza odwala. Mu June 2023 China inagwirizana ndi maiko ena kutalikitsa nthawi yobwezera nkhongole ya madola mabiliyoni 6.3. Koma ngakhale bwenzi lako lapamtima likakubwereka thumba la cimanga, umawerenga zitini. Anzathuwo amabwera atatiphunzira bwino. Ifenso tiwaphunzire.

Tikupempha zinthu zitatu.

Coyamba, mabungwe ofufuza agwirire nchito pamodzi, ndipo aliyense anene poyera amene akumulipira, kaya ndi Beijing, Washington kapena Brussels. Wodya za mwini amabvutika kumudzudzula.

Caciwiri, boma litulutse mapangano a nkhongole ndi a migodi. Lamulo la kasamalidwe ka nkhongole la 2022 linapatsa Nyumba ya Malamulo mphamvu pa kukongola kwa boma, ndipo lamulo la Access to Information linasainidwa mu December 2023. Malamulo amenewa agwire nchito, asangogona m'makabati.

Cacitatu, zopezeka pa kafukufuku zisamathere m'mahotela a m'tauni, m'Cingelezi cobvuta. Zilembedwe m'Cinyanja, ziulutsidwe pa wailesi, zifike ku miphakati ndi ku makopaletivu a alimi.

Akhristu acikulire akukumbukira nthawi ya Jubilee, pamene anthu anali kusaina mapepala pakhomo la chalichi pambuyo pa Misa, kupempha kuti nkhongole ikhululukidwe. Anasaina cifukwa wina anawafotokozera nkhaniyo m'cinenero cawo. Zambia itafika pamapeto a ndondomeko ya HIPC mu April 2005, nkhongole ya madola pafupifupi mabiliyoni 7 inatsika kufika pansi pa biliyoni imodzi mu 2006. Pasanathe zaka 15 tinagweranso m'dzenje lomwelo, pakuti tinaleka kufunsa.

Tsono mabungwe a maparishi a ku Chunga, Matero ndi George aitane ofufuzawa Lamlungu lina, aitanenso phungu wa Nyumba ya Malamulo, ndipo awafunse kuti tinakongola zingati, zinagwira nchito yanji, ndipo adzabweza ndani. Safunsa anadya phula.